Tsiku Limene Amama Anang'alula Chikondamoyo Dala

Ku Lubuto kulibe nyanja. Madzi aakulu amene ife ana a ku Ndola tinkawadziwa anali mtsinje wa Kafubu ndi zithaphwi zimene zinkadzaza mumsewu wathu mvula ikagwa. Choncho tsiku limene aphunzitsi athu a giredi seveni, a Mulenga, anatiuza kuti pansi pa nyanja yamchere pali mapiri, kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma nkhani ya mapiriwo sindingailongosole bwino ndisanayambe ndanena za chikondamoyo cha amama.

Makolo anga anachokera ku Katete. Atate anali kalipentala wa ntchito yopezeka lero n'kusowa mawa, ndipo Lamlungu ankavala jekete lawo limodzi lija n'kukakhala kutsogolo m'tchalitchi monga dikoni. Chimene chinkatidyetsa kwenikweni ndi kutigulira nsapato chinali chikondamoyo. Amama ankasakaniza mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, shuga, soda ndi kamchere, n'kuthira mumpoto wawo wakuda wopanda zigwiriro. Mpotowo ankauika pa mbaula ya makala ochepa, n'kuuvundikira ndi lata, pa latapo n'kuyalapo makala ena. Luso lonse linali pa makala a pamwambawo. Ankawayala ndi kamtengo ngati akuwerenga nyemba zobzala, ndipo akavundukula, chikondamoyo chinkatuluka chofiirira, chosalala pamwamba, chopanda ngakhale kamng'alu. Fungo lake linkadzutsa ana a nyumba zitatu.

Wogula wawo wamkulu anali mayi Kabwe, Mbemba wina wonenepa, wa mawu akuthwa, amene anali ndi tiyirumu ku Itawa. Iwo ankatenga chikondamoyo chathunthu tsiku lililonse n'kuchiika m'bokosi lagalasi pakhomo, kuti wodutsa achione asanalowe. Pangano lawo linali losavuta kumva: chifike anthu a ntchito asanabwere kudzamwa tiyi, ndipo chikhale chosalala. Ankakonda kuwakumbutsa amama kuti panali amayi ena amene ankaudikirira mwayiwo. N'chifukwa chake m'nyumba mwathu munali lamulo loposa malamulo ena onse: chikondamoyo chong'aluka sichituluka pakhomo. Chikang'aluka, zimene zinkachitika mwa apo ndi apo mphepo ikakoleza makala, chinkakhala chathu ana. Ndivomereze kuti ine ndi mlongo wanga Yohane tinkaikonda kwambiri mphepo ya mwezi wa Ogasiti.

A Mulenga anali mnyamata wowonda, wa choko m'tsitsi ndi m'matumba, amene ankaphunzitsa ngati akuthamangitsidwa. Nawonso nyanja yamchere anali asanaione, ndipo sankabisa. Tsiku limenelo anabwera ndi makatoni awiri amene anawadula ndi lumo, lina ngati Afirika, lina ngati Amereka wa kumwera. Anawayandikizitsa pabolodi, ndipo mimba ya lina inalowa m'mphako ya linzake ngati chitseko cholowa m'felemu imene atate aipala bwino. Anati kalekale maiko awiriwa anali amodzi. Kenako anawatalikitsa pang'onopang'ono, n'kujambula mzere wokhotakhota pakati pake.

Anafotokoza m'Chingerezi, n'kubwereza m'Chibemba, ine n'kumazitembenuzira m'mutu m'chinenero cha kunyumba. Khungu la dziko si limodzi, ndi zibenthu zikuluzikulu. Pakati pa nyanja pali malo pamene zibenthu ziwiri zikusiyana, china kupita uku, china uko. Pansi pake pali mwala wotentha umene umakwera, ndipo ukamayandikira pamwamba, poti zolemera zoupanikiza zachepa, wina umasungunuka n'kukhala chiphalaphala chamoto. Chiphalaphalacho chimatulukira pamng'alu, chimakumana ndi madzi ozizira kwambiri, n'kuuma msanga m'timibulu tonga mapilo. Uwo ndiye mwala watsopano. Kenako zibenthu zija zimasunthanso, mwala watsopano uja umang'ambika pakati, theka kupita uku, theka uko, n'kutulukanso wina. Ndiye kuti mwala wa pafupi ndi mng'alu ndi khanda, ndipo ukamapita kutali umapeza makolo ndi agogo. Pamng'alupo pamatukuka n'kukhala mapiri chifukwa mwala wotentha ndi wofufuma, koma ukamazizira kutali uko umafwapa n'kutsika. Mapiriwo, anatero, ndi mtandadza wautali kuposa wina uliwonse wa pamtunda, wozungulira dziko pansi pa madzi, ndipo m'malo ambiri pamsana pake pali chigwa m'malo mwa nsonga.

Mtsikana wina anafunsa chifukwa chimene madziwo sazimitsira moto. Mnyamata wina anafuna kudziwa ngati nsomba za kumeneko zimagwidwa zophikaphika. A Mulenga atanena kuti m'ming'alu ina mumatuluka madzi otentha akuda ngati utsi, onyamula kopa ndi zitsulo zina, ana a anthu a mumgodi amene ankawodzera kumbuyo anadzuka onse. Nditafunsa ine kuti zibenthuzo zimayenda liwiro lotani, anati mofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Tonse tinayang'ana zala zathu. Aphunzitsi nawonso anaziyang'ana, ndipo theka la kalasi linauzidwa kubwera mawa litawenga.

Sabata yomweyo analengeza kuti kudzakhala tsiku la makolo, loti ana aonetse zinthu za sayansi zimene apanga okha, ndipo wochita bwino adzapita ku Kitwe kukaimira sukulu. Ine Kitwe ndinkangoimva kwa anzanga. Ndinkaifuna ndi mtima wonse, koma ndinalibe choonetsa. Anyamata anali atalanda kale mabatire, mawaya ndi timababu tonse ta m'Lubuto.

Loweruka lake kunawomba mphepo ija. Amama anali kuchapa, ine ndili chikhalire pafupi ndi mbaula kuseri kwa nyumba. Makala a pa lata anayaka psuu, ndipo amama atathamanga kudzavundukula anapeza zachitika kale. Pamwamba panali patauma msanga mkati mukadali mwamadzi. Chikondamoyo chinatukuka pakati, n'kung'aluka kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo ndikuyang'ana choncho, phala lotentha linatumphuka pamng'alupo, n'kuuma, n'kung'ambikanso, mbali ziwiri zija zikukankhidwira kunja. Amama anagwira m'chiuno n'kuyamba kuitukwana mphepo. Ine ndinakondwa ngati ndatola chinthu cha mtengo pamsewu, chifukwa zimene a Mulenga anavutika nazo ndi makatoni zinali kuchitika mumpoto wa amama.

Lolemba ndinawauza aphunzitsi. Anaseka mpaka kutsokomola choko, kenako anaiganizira bwino nkhaniyo. Anati sizofanana ndendende, pakuti pansi pa nyanja zibenthu zimayamba ndi kusiyana, chiphalaphala n'kumadzaza mpatawo, pamene mumpoto phala ndilo limakankha. Koma anati ndikadzanena kusiyanako ndekha pamaso pa oweruza, ndidzakhala ndaonetsa kuti ndamvetsa. Anandiuza kuti ndibwere nacho.

Kunyumba nkhani inavuta. Amama anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti apite kutchalitchi opanda mpango kumutu. Zaka zonsezi, anatero, aphunzira kuti chinthu chisang'aluke, lero mwana wawo yemwe akufuna kukayala manyazi awo patebulo pamaso pa Lubuto yense. Ndinachonderera masiku angapo, ndikutsuka mbale zimene sindinatumidwe. Atate, amene sankakonda kulowerera nkhani za kumbaula, anangonena akumwa tiyi kuti ngati Mulungu anaona kuti n'koyenera kung'alula pansi pa nyanja, sakuona chifukwa choti amake Tiya achite manyazi ndi mpoto umodzi. Amama anawayankha kuti Mulungu sagulitsa kwa mayi Kabwe. Komabe madzulo a tsiku loti mawa ndi chionetsero, anatseka geti, n'kuphika chong'aluka kuseri kwa chimbudzi kumene aneba sakanaona.

Chinatuluka chokongola zedi, kwa ine. Mng'alu unali wakuya, mapiri mbali zonse ziwiri, m'mphepete motsika. Ndinadula timapepala n'kutimata pa timitengo ta machesi ngati mbendera: mwala watsopano pakati, mwala wakale kumphepete, Afirika uku, Amereka uko. Ndinapezanso pulasitiki ya buluu yoti ikhale madzi. Ndinachiika pa thireyi pamwamba pa kabati n'kumuopseza Yohane kuti akangochinunkhiza ndimuthyola zala.

M'mawa nditasamba ndinapita pa kabati paja. Thireyi inalipo, pulasitiki inalipo, timbendera tonse tinali chilili m'malo mwake mwadongosolo. Koma timbenderato tinali titabayidwa pa chikondamoyo china, chatsopano, chofunda, chosalala ngati chipumi cha mwana. Nditacheuka ndinaona Yohane ali pamphasa, kapu ya tiyi m'manja, masaya ali tutumu. Mapiri anga a pansi pa nyanja anali atadulidwa mapisi m'mbale, ndipo chigwa cha pakati chinali chitapita kale.

Amama sanabise. Anamva kwa aneba kuti mayi Kabwe ali m'komiti ya makolo ndipo adzakhalapo. Tulo sanatione, anatero, ndipo kutacha anaona kuti andipangire chabwino, choti ndikanyadire.

"Chili chonse chochoka m'nyumba muno chimanyamula dzina langa, iwe Tiya. Anthu sadzati ndi sayansi. Adzati amake Tiya manja ayamba kunjenjemera."

"Amama, mng'alu uja ndiye unali ntchito yanga yonse. Ichi chilibe chilichonse choonetsa."

Sindinakuwe. Ndinangolira mwakachetechete, kulira koipa kuja kotuluka ndi mamina, ndipo ndinanyamula thireyi n'kumapita. Ndikutuluka ndinaona beseni la phala la mpoto wachiwiri lili pambali pa mbaula. Limenelo linali la mayi Kabwe, ndipo mgaiwa ndi nthochi za tsikulo zinathera pomwepo.

Kusukulu matebulo anawandandalika pansi pa mitengo. Kumanja kwanga kunali mnyamata wa belu la batire limene linkalira osaleka, kumanzere mtsikana wosefa madzi ndi mchenga. Pakati panali ine ndi chikondamoyo chosalala chokhala ndi mbendera. Makolo odutsa ankafunsa ngati ndikugulitsa. A Mulenga atafika anayang'ana thireyi, n'kundiyang'ana ine, n'kuona maso anga ofiira. Anangoti ndifotokoze ndi pakamwa mmene ndingathere. Oweruza, aphunzitsi atatu ochokera kusukulu zina, anali atayambira kutebulo lakutali, ndipo pambuyo pawo pankayenda a komiti, mayi Kabwe ali patsogolo ndi chikwama chawo chonyezimira.

Ndinayamba kumva fungo la utsi ndisanaone kanthu. Kenako ana anayamba kuloza kugeti. Amama anali kubwera, beseni pamutu, mbaula yoyaka ataikoleka pa waya m'dzanja limodzi, mpoto wakuda m'dzanja lina. Pambuyo pawo Yohane ankadzikoka ndi lata ndi kathumba ka makala, nkhope ili yolapa. Amama anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatula katundu pafupi ndi tebulo langa, anapereka moni kwa a Mulenga mwaulemu atagwada pang'ono, n'kufunsa ngati malamulo a sayansi amaletsa moto. Aphunzitsi anati saletsa.

Anathira phala lija mumpoto, anavundikira, ndiye n'kuyamba kuunjika makala pa lata. Ine amene ndinakula ndikuwaona akuyala makala amodziamodzi ndinadabwa kwambiri. Anaunjika mulu, n'kutenga chivundikiro cha beseni n'kuyamba kukupiza ngati mphepo ya Ogasiti. Utsi unalowa m'maso mwa mnyamata wa belu. Anthu anasiya matebulo ena n'kutizungulira, ndipo amayi a kutchalitchi kwathu, amene ankadziwa bwino kaphikidwe, anayamba kunong'onezana kuti moto wachuluka. Mmodzi anafika pogwira amama paphewa kuti awachenjeze. Amama anangoti akudziwa.

Mayi Kabwe anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Anayang'ana mpoto, anayang'ana beseni lopanda kanthu, ndipo anazindikira msanga kuti phala limene likupsa ndi la ndani.

"Bana Tiya, finshi mulecita? Mukuchita chiyani? Si changa ichi? Anthu anga amwera chiyani tiyi lero?"

"Ndi chanu, mayi. Mundikhululukire. Lero chapita kusukulu."

Oweruza atafika, amama anachotsa makala n'kunyamula lata ndi nsanza. Nthunzi inatuluka, ndipo itachepa anthu onse anaona. Pamwamba panali patatukuka, mng'alu utayamba pakati, ndipo tikuyang'ana unatseguka mpaka m'mphepete. Phala lachikasu linakwera pampatapo likuphulika timathovu. Amama anabwezera lata kanthawi, n'kuvundukulanso, ndipo phala lija linali litauma n'kung'ambikanso pakati. Anandigunda ndi chigongono n'kunena chapansipansi kuti, "Lankhula, iwe, malasha akutha."

Ndinalankhula. Chingerezi chinandithera pakati, ndinalowa Chibemba, Chibemba chitandithera ndinamalizira m'Chinyanja, ndipo palibe anandiletsa. Ndinaloza khanda pakati ndi agogo kumphepete. Ndinanena za mapilo ndi za zikhadabo. Ndinanenanso pamene mpoto ukunama, kuti pansi pa nyanja zibenthu ndizo zimayamba kusiyana. Amama atauphula mpoto n'kuuika pansi, woweruza wina wachikulire anafunsa chifukwa chimene mapiriwo amakhalira aatali pakati pokha. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono. Chikondamoyo chikuzizira, m'mphepete munayamba kufwapa n'kusiyana ndi mpoto, pakati pakadali potukuka ndi potentha. Bamboyo anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati pansi pa nyanja pangadyedwe. Anadya oweruza, anadya a komiti, anadya ngakhale mnyamata wa belu.

Mayi Kabwe okha sanadye. Amama anatenga chosalala chija patebulo langa, anazula timbendera, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Iwo anayang'ana timabowo ta machesi tija n'kunena kuti m'bokosi lawo simulowa chinthu chobooka ngati chadyedwa ndi anankafumbwe. Anatsegula chikwama, anatsekanso, n'kumapita. Mawa lake Yohane atapita ndi chikondamoyo ku Itawa, anapeza m'bokosi lagalasi muli kale cha munthu wina.

Ku Kitwe ndinapita. Tinakwera basi ine, a Mulenga ndi amama, mbaula ili pansi pa mpando, kondakitala akudandaula njira yonse. Kumeneko tinagonja kwa ana a sukulu ina amene anapanga kachigayo koyendera dzuwa, ndipo sindinadandaule kwambiri, chifukwa ndinaona nyumba zosanja ndi chimulu chakuda cha zotsalira za mumgodi, ndinadyanso ayisikirimu koyamba. Koma kunyumba zinthu zinasintha. Kwa miyezi yambiri amama ankadula chikondamoyo mapisi, n'kuyenda nacho wapansi mpaka ku Kansenshi, kugogoda pa mageti a anthu a m'boma, agalu akuwauwa. Ankabwera madzulo mapazi atatupa, n'kuwaviika m'beseni la madzi ofunda. Nsapato zanga za chaka chimenecho zinachedwa. Ndinkaziona zonsezi ndipo zinkandipweteka, koma ndikayamba kupepesa ankandituma kukatunga madzi. Amayi a kutchalitchi anawapatsa dzina loti amake Mng'alu, ndipo patapita nthawi iwonso anayamba kuvomera akaitanidwa choncho.

Sindinakhale katswiri wa miyala. Ndine wamalonda, ndimakatenga nsalu ndi nsapato ku Dar es Salaam n'kudzagulitsa kuno ku Ndola. Masiku ano mwana wanga akafuna kudziwa za mapiri a pansi pa nyanja amangotenga foni yanga, n'kuona chiphalaphala chenicheni chikutuluka m'madzi akuda, mapilo akufufuma, zonse zoonekera bwino kuposa mmene a Mulenga ankalotera. Amayang'ana kanthawi, n'kuti zili bwino, n'kusintha kukaonera magule. Sindimudzudzula. Iye amadziwa zambiri kuposa ine pa msinkhu wake, kungoti palibe chimene chinapserera kuti adziwe. Chikondamoyo nachonso anthu ambiri akuphikira mu uvuni wamagetsi, magetsiwo akakhalapo.

Chaka chatha ndinawatenga amama pa ulendo wanga, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Titamaliza kugula katundu ndinapita nawo kugombe. Anavula nsapato, anakweza chitenje pang'ono, n'kulowetsa mapazi m'madzi. Analawa kadontho n'kulavula. Anayang'ana kutali kumene madzi amakumana ndi thambo, nthawi yaitali ndithu, kenako anandifunsa kuti mng'alu uja uli pati. Ndinawauza kuti nyanja iyinso ili nawo wake, koma uli kutali kwambiri, masiku ambiri pa sitima, ndiponso pansi penipeni pamene kuwala sikufika.

"Ndiye kuti ngakhale titapita pamwamba pake sitingauone?"

"Sitingauone, amama."

"Ndinataya Kabwe chifukwa cha chinthu chosaoneka n'komwe?"

Funde linabwera n'kuwanyowetsa chitenje mpaka m'mawondo, iwo osasuntha. Kenako anaseka, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa, n'kundigwira dzanja kuti ndiwathandize kutuluka.

"Kaya ulipo, kaya palibe," anatero. "Wanga uja anthu anauona."